Mapu akanama pafoni yanu, amayankha ndani?

Mu March 2022, Unduna wa Zaumoyo utalengeza kuti matenda a kolera abuka m'boma la Machinga, ine ndinali ndikuphunzira ntchito panyumba ina yofalitsa nkhani. Poti ndinkadziwako za kompyuta, ntchito iliyonse yokhudza zithunzi inkagwera ine. Tsikulo mkonzi anandiitana n'kunena kuti akufuna kakanema kakafupi koika pa Facebook: mapu a Malawi aoneke, boma la Machinga lifiire pang'onopang'ono, kenako mutu wa nkhani utulukire pamwamba. Anandipatsa ola limodzi.

Ndinatsitsa mapu oyamba amene ndinawapeza pa intaneti, n'kuwapaka utoto, n'kuwayendetsa. Kunena zoona kanatuluka bwino. Anzanga anandiyamikira, ndipo pofika madzulo anthu anali atakasheya kwambiri. Ndili m'minibasi kubwerera kunyumba, foni inaitana. Anali azakhali anga a ku Ulongwe, amene amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa m'mbali mwa msewu wopita ku Mangochi.

"Iwe, matenda aja afika ndi kuno komwe? Mwana wa aneba wandionetsa pafoni, kwathu kuno konse kuli psuu. Anthu ayamba kale kunena kuti zophikaphika aziletsa pamsika."

"Ayi azakhali, alengeza za ku Machinga kokha."

"Nanga mwatifiiritsiranji ife?"

Nditafika kunyumba ndinatsegula laputopu mtima uli phaphapha. Mapu amene ndinatsitsa anali akale, a nthawi imene Balaka inali isanakhale boma palokha. Balaka anaipatula ku Machinga mu 1998, ine ndisanabadwe n'komwe. Choncho utoto wanga unawoloka Shire n'kukuta Ulongwe, Utale, Phalula ndi tauni ya Balaka yomwe. Anthu oposa 400,000 ndinawauza kuti matenda ali pakhomo pawo, chonsecho sindinalembe liwu ndi limodzi lomwe labodza.

M'mawa mwake tinakachotsa n'kuika kokonzedwa, koma madzi akatayika saoleka. Koyamba kaja kanali katalowa kale m'magulu a WhatsApp. Inde, patapita miyezi matendawa anafikadi m'maboma onse ndipo anapha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linauonapo. Koma zimenezo sizikundiyeretsa. Pa tsikulo mapu anga ananama.

Chimene chimandivutitsabe ndi ichi: mawu a nkhani ija anawawerenga anthu awiri asanatuluke, pamene mapu palibe anawafufuza, kupatula kuona ngati akukongola. Kuchokera nthawi imeneyo tadutsa mu namondwe wa Freddy, tadutsa m'chisankho, koma mmene ndikuonera, wopanga ma graphics a nkhani tikumutengabe ngati wokongoletsa, osati mtolankhani. Apa tikusewera paulimbo.

Ntchito yake ndi yotani?

Mukamaonera nkhani pa MBC, Times, Zodiak kapena Luntha TV, pamakhala zinthu zimene kamera sinajambule: dzina la woyankhula m'munsi mwa sikirini, mapu osonyeza kumene ngozi yachitikira, manambala amene amakwera okha, mizere yosonyeza mtengo wa chimanga. Zonsezi ndi motion graphics, ndipo pali munthu amene amakhala pansi n'kuzipanga.

Kapangidwe kake sikovuta kumvetsa. Sekondi imodzi ya kanema wa pa TV imakhala ndi zithunzi 25 zotsatizana mofulumira, moti kakanema ka masekondi 15 ndi zithunzi 375. Wopangayo sajambula chimodzichimodzi. Amangouza kompyuta kuti pa sekondi yoyamba mzere uwu ukhale pansi, pa sekondi yachitatu ufike apa, ndipo kompyuta imadzaza yokha zapakatipo. Mapulogalamu ake ndi monga After Effects, DaVinci Resolve ndi Blender, pomwe ambiri opangira pafoni amadalira CapCut ndi Canva. Ukamaliza umadikira kuti kompyuta iphatikize zonse kukhala fayilo imodzi, chimene timati render, ndipo apa mpamene umapemphera kuti magetsi asathime.

Koma kudina mabatani ndi kagawo kakang'ono. Ntchito yeniyeni ndi kusankha. Nambala iti ibwere poyamba? Ikhale pasikirini masekondi angati? Utoto uti? Mzere uyambire pati?

Tiyerekeze kuti thumba la chimanga lakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K55,000 pamsika wa Ntaja. Ndikayambitsa mizere yanga pa ziro, iwiriyo isiyana pang'ono chabe, ndipo ndi mmene zililidi. Koma ndikaiyambitsa pa K49,000, wachiwiriwo utalika kasanu n'kamodzi kuposa woyamba. Manambala ndi omwewo, palibe wanama, koma woonera achoka ndi maganizo akuti mtengo wapenga. Mayi wina athamangira kukatenga ngongole kubanki mkhonde kuti agule lisanakwerenso, vendanso awonjezera mtengo poona kuti anthu ali ndi mantha. Kusankha poyambira mzere ndi nkhani ya utolankhani, yofanana ndi kusankha mutu wa nkhani. Nanga bwanji timaisiyira munthu amene samuitana n'komwe kumsonkhano wa akonzi?

Mphamvu ya chithunzi chokhala ndi manambala si yatsopano. Mu 1854, kolera atavuta mumzinda wa London, dokotala John Snow anajambula mapu osonyeza nyumba zimene munafa anthu, ndipo zinaonekeratu kuti imfa zambiri zinazungulira mpope umodzi wa madzi pa Broad Street. Mpaka lero mapu amenewo amaphunzitsidwa m'masukulu a zaumoyo. Mapu amatha kuunikira chotero, ndipo amathanso kusokeretsa ngati anga aja.

Foni yasintha zinthu

Wailesi ya kanema inayamba mochedwa kuno kwathu. TVM inatsegulidwa mu 1999, ndipo kwa zaka zambiri ma graphics ankangothandizira wowerenga nkhani. Chithunzi chikalakwika, mawu ake ankakonza. Banja linkakhala pansi n'kuonera nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Lero inu ndi ine timaonera pafoni. Timaonera m'minibasi, pasiteji ya kabaza, pamzere wa mafuta, nthawi zambiri mawu titatseka. Bandulo ndi yochepa, ndiye timaona masekondi oyambirira okha n'kupitirira. Chimene chimatsala m'mutu ndi chimene maso aona: utoto, nambala, nkhope. Mawu a mtolankhani amene anavutikira kulemba ambiri sawamva n'komwe.

Wina anganene kuti izi ndi za m'tauni, kumudzi anthu amadalira wailesi. N'zoona kuti wailesi idakali mfumu, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu oposa 700,000 a ku Machinga ndi oposa 400,000 a ku Balaka, ochuluka zedi amakhala kumudzi. Koma amene anakhalapo pa Nselema, Nsanama kapena Nayuchi akudziwa mmene foni imodzi imayendera m'manja. Mnyamata mmodzi akalandira chithunzi, chimaonedwa ndi onse amene ali pabawo, pochajitsa mafoni ndi pamjigo. Azakhali anga alibe Facebook, koma mapu anga anawapeza tsiku lomwelo.

Palinso nkhani ya mabandulo. Ambiri timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha chifukwa ndi yotsika mtengo kusiyana ndi ya intaneti yonse. Ndiye chithunzi chimatseguka, koma link yopita kunkhani yonse siitseguka. Chithunzicho chimayenda chokha ngati mwana wamasiye: chopanda nkhani yake, chopanda tsiku, ndipo nyumba yofalitsa nkhani ikakonza cholakwika, chokonzedwacho sichitsatira njira imene choyamba chinadutsa. Chikhoza kudzatulukiranso chaka chamawa ngati chatsopano.

Tikavomereza zimenezi, tivomerezenso kuti kwa anthu ambiri chithunzicho ndiye nkhani yonse.

Masiku asanu ndi atatu a mu September

Tinavota pa 16 September 2025. Malamulo amapatsa bungwe la MEC masiku asanu ndi atatu kuti lilengeze zotsatira za mtsogoleri wa dziko, ndipo wapampando wake, Justice Annabel Mtalimanja, analengeza pa 24 September kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti 56.8 pa 100 alionse, pamene Lazarus Chakwera anapeza 33. Pakati pa masiku awiriwa, kumbukirani zimene zinkalowa m'foni yanu.

Zinali zithunzi zokongola ndithu: nkhope za opikisana, mitundu ya zipani, manambala akuluakulu, logo ya nyumba yodziwika yofalitsa nkhani pakona. Zina zinali zenizeni, zochokera kwa atolankhani amene ankagona m'malo owerengera mavoti n'kumatumiza zotsatira zosatsimikizika. Zina zinapangidwa kuchipinda ndi munthu amene ali ndi foni komanso cholinga chake. M'gulu la WhatsApp la kubanja kwathu, tsiku lina munalowa zithunzi zitatu za boma limodzi, manambala osiyana, chilichonse chili ndi logo. Amalume anafunsa ine kuti chenicheni ndi chiti, poti ndine wa ntchito yomweyo. Zinanditengera nthawi kuti ndiyankhe, ndipo izi zinandichititsa manyazi.

Kupanga chithunzi chabodza chotere sikutenga mphindi khumi. Umatsitsa logo, n'kutengera mtundu ndi kalembedwe ka zilembo, basi. Ndipo anthu ali ndi chifukwa chofunira manambala kulikonse kumene angawapeze. Sanaiwale za Tipp-Ex wa mu 2019, ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020 chimene chinafafaniza chisankho chija. Munthu amene anapusitsidwapo amafuna kudzionera yekha. Vuto n'lakuti chimene amaona chimakhala chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma tisangoloza chala opanga zabodza. Chowawa n'chakuti zithunzi zathu zenizeni nthawi zambiri sizisiyana ndi zabodzazo. Sitilemba kuti manambala achokera kwa ndani. Sitilemba ola. Sitinena kuti awerengedwa m'malo angati mwa malo angati. Liwu losonyeza kuti zotsatira n'zosatsimikizika timalilemba m'Chingerezi, m'tizilembo tating'ono, m'munsi mwenimweni mmene munthu akatenga screenshot amadula. Ngati chenicheni chilibe chizindikiro china kupatula logo, ndiye kuti aliyense amene ali ndi logoyo ndi mtolankhani.

Mapu a zisankho nawonso ali ndi msampha wake. Tikapaka boma lonse mtundu umodzi, timabisa anthu masauzande amene anavotera kwina. Likoma ndi Lilongwe amaoneka ngati mfundo imodzi aliyense, chonsecho lamulo la 50+1 limawerenga mavoti, osati maboma. Mitundu nayo ili ndi tanthauzo kuno. Ku Machinga, kwawo kwa Bakili Muluzi ndi Atupele Muluzi, chikasu si utoto wamba. Buluu ndi kufiira nazonso zili ndi eni ake. Wopanga ma graphics amene watengera template yakunja, osaganiza zimenezi, akhoza kuoneka ngati akuchita kampeni pomwe amangofuna kukongoletsa.

Ena akuti njira ndi kumanga onse ofalitsa zabodza pogwiritsa ntchito lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ine ndikukayika. Lamulo lomweli lagwiritsidwapo ntchito pomanga atolankhani ndi anthu wamba chifukwa cha zolemba zawo, ndipo bungwe la MISA Malawi lakhala likudandaula nazo. Apolisi sangalowe m'gulu lililonse la WhatsApp. Chotheka n'chakuti chenicheni chizidziwika msanga.

Mvula ili pafupi

Chisankho chimabwera pa zaka zisanu, koma dzinja ndi la chaka ndi chaka. Mu March 2023, namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Nthambi yoona zanyengo inachenjeza masiku angapo zisanachitike. Funso langa ndi lakuti: chenjezolo linkaoneka bwanji litafika pafoni ya munthu wokhala m'mbali mwa Rivirivi kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa?

Tengani chiganizo chakuti kugwa mvula yoposa mamilimita 100 m'maola 24. Ndi angati mwa ife amene timaona chithunzi m'mutu tikamva zimenezo? Pa rula, mamilimita 100 ndi kutalika kosaposa foni yanu, ndiye sizimveka zoopsa. Koma milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Choncho mamilimita 100 ndi zidebe zisanu za malita 20 pakamalo kochepa ngati kamphasa ka mwana. Pabwalo la mpira ndi zidebe zoposa 30,000, tsiku limodzi, ndipo madzi onsewo ayenera kupeza kolowera. Jambulani zidebe zimenezo zikukhuthukira pamunda umene wanyowa kale, muonetse madzi akutsika m'phiri kulunjika kumtsinje. Agogo amene sanapite kusukulu amva, ndipo masekondi 15 akwana. Imeneyi ndiye ntchito ya motion graphics imene tikuisowa.

M'malo mwake timangotenga chithunzi cha njira ya namondwe monga chabwerera kuchokera kunja, chokhala ndi mzere ndi chinthu chonga fanulo chimene chimanka chikula. Ambiri amaganiza kuti fanuloyo ikusonyeza kukula kwa namondwe, ndipo akaona kuti mudzi wawo uli kunja kwake amati apulumuka. Si choncho. Imasonyeza kumene pakati pa namondwe pangadutse, ndipo imakula chifukwa akatswiri sangadziwe bwino za masiku akutsogolo. Mvula yamphamvu imagwa kutali ndi mzerewo. Ngakhale ku America anthu amasokonezeka nacho chithunzi chimenechi. Ife timangochiponya chopanda kumasulira.

Kenako pali chiyankhulo. Ma template ambiri anapangidwira Chingerezi, chimene mawu ake ndi afupiafupi. Pamene Mngerezi walemba zilembo zisanu ndi chimodzi, ife tikufuna malo a "kusefukira kwa madzi". Mawuwo akapanda kukwana m'bokosi, wotopa amangosiya Chingerezi chomwecho. Ndinachitapo zimenezi kangapo, ndisaname. Zilembo zina zokongola zilibe ngakhale "ŵ" wa m'dzina la Malaŵi. Ndiye taganizirani ku Machinga, kumene m'makomo ambiri mumayankhulidwa Chiyao, kwina Chilomwe. Ndi kangati mwaonapo chenjezo la mvula la pakanema lolembedwa m'Chiyao? Taganiziraninso anzathu osamva, amene zolembedwa pasikirini ndiye nkhani yonse kwa iwo.

Nkhani zofunika kuzijambula zili pakhomo pompa. Kamuzu Barrage ya pa Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, ndiyo imawongolera madzi ochoka m'nyanja ya Malawi kupita kumalo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu 2024 nyanja itadzaza n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, anthu ankafunsa kuti bwanji osangotsegula zitseko zonse pa Liwonde. Yankho lake ndi lakuti madzi ukawamasula kwambiri kumtunda, umawatumiza kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Kufotokoza zimenezi ndi mawu kumatenga tsamba lonse, koma ndi mapu oyenda bwino masekondi 40 ndi okwanira. Chimodzimodzinso mgodi wa Kangankunde ku Balaka, umene kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ikukonza: uli pati kwenikweni, midzi yoyandikana nawo ndi iti, njanji yodutsa pa Nkaya kupita ku Nacala ili kutali bwanji? Anthu a ku Balaka akuyenera kuziona zimenezi ndi maso, m'chiyankhulo chawo.

Amene akugwira ntchitoyi akukhala bwanji?

Tsopano tiyang'ane munthu amene tikumusenzetsa katundu yenseyu. Mwa amene ndimawadziwa, ambiri ndi achinyamata amene anadziphunzitsa okha pa YouTube usiku, bandulo ikakhala yotchipa. Kukoleji kumene ndinaphunzira, tinaphunzira kulemba nkhani, malamulo ndi mwambo wa utolankhani, koma za kujambula manambala tinangodutsapo. Anzathu odziwa kujambula nawonso sanaphunzitsidwe kufunsa kuti nambalayi yachokera kuti. Mapeto ake wolemba sadziwa kuona cholakwika pachithunzi, wojambula sadziwa kuona cholakwika m'nkhani.

Pantchito, munthu mmodzi yemweyo amagwira kamera m'mawa, masana n'kudula kanema, madzulo n'kupanga ma graphics, usiku n'kuika pa Facebook. Amapatsidwa nkhani itatha kale, mphindi zochepa isanaulutsidwe. Dzina lake silituluka paliponse. Zikayenda bwino woyamikiridwa ndi amene waonekera pakamera, zikalakwika aliyense amakumbukira kuti pali "mwana wa ma graphics".

Zipangizo nazo ndi mutu wina. Mapulogalamu a Adobe amalipiridwa mwezi ndi mwezi m'madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wake unalumpha, ndipo ngakhale ukhale ndi ndalamayo, kupeza madola kubanki ndi nkhondo ina. N'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu obedwa, amene amatha kufa pakati pa ntchito kapena kulowetsa mavairasi m'kompyuta ya ofesi. Onjezani laputopu yakale ndi kuthimathima kwa magetsi. M'malo otere, kutsitsa mapu oyamba amene wawapeza si ulesi wokha, ndi mmene ntchito yakonzedwera. Ndipo wodziwa bwino ntchito sakhalitsa: mabungwe ndi makampani otsatsa malonda amalipira bwino, ndiye amapita.

Chosangalatsa n'chakuti luso lilipo, ngakhale kunja kwa mizinda. Balaka ndi tauni ya zaluso kuyambira kale. Ndi kwawo kwa Alleluya Band, kwa Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, komanso kuli Montfort Media ndi Luntha TV. Lero pa Balaka ndi pa Liwonde pali anyamata ndi atsikana amene amapanga mavidiyo a nyimbo, zoitanira ku ukwati, zolengeza maliro ndi maposita a kampeni pafoni chabe. Ena mwa iwo manja awo ndi ofulumira kuposa anga. Chimene akusowa si luso la kujambula, koma mwambo wa utolankhani: kufufuza, kutchula gwero, kuvomera ukalakwitsa. Tikapanda kuwakokera kuntchito ya nkhani zoona, andale adzawalemba ganyu ya zabodza, ndipo ena anawalemba kale.

Ndikudziwa yankho la mabwana: ndalama palibe. Malonda otsatsa achepa, mapepala akwera mtengo, malipiro enieniwo akuvuta. N'zoona. Ena akuti posachedwa AI izipanga zonsezi, ndiye palibe chifukwa cholembera munthu. Koma makina amenewa amaphunzira kuchokera pa zimene zili pa intaneti, komwe ine ndinapeza mapu opanda Balaka. Angakupangireni chithunzi chokongola m'masekondi ochepa, koma sadziwa kuti Ulongwe ili tsidya liti la Shire, kapena kuti chikasu chimatanthauza chiyani pa Ntaja. Zida zikamafulumira, mpamene pakufunika kwambiri munthu wodziwa dera woti aziona zisanatuluke.

Zotheka popanda ndalama zambiri

Zambiri zimene ndikupempha sizifuna bajeti. Chithunzi chilichonse chokhala ndi nambala kapena mapu chizidutsa kwa mkonzi monga mmene nkhani imadutsira, ndipo funso lisakhale lakuti chikukongola, koma lakuti n'choona. Tsiku, ola ndi gwero zizilembedwa pakati pa chithunzi pomwe sizingadulidwe, m'zilembo zoti ziwerengeke pafoni yosweka galasi. Ofesi iliyonse ikhale ndi mapu amodzi olondola a maboma onse 28, otengedwa ku National Statistical Office ku Zomba kapena kunthambi yoona za mapu, osati kusaka pa Google nthawi ikatha. Ma template apangidwe poyesa mawu a Chichewa ndi Chiyao, Chingerezi chizibwera pambuyo. Fayilo ikhale yopepuka kuti wa bandulo yochepa aitsegule. Tikalakwitsa, chokonzedwacho chizinena poyera kuti chikukonza chiyani, ndipo tizichitumiza m'njira zomwe choyamba chinadutsa. Blender ndi QGIS ndi zaulere, DaVinci Resolve ilinso ndi mtundu waulere, ndiye palibe chifukwa chokhalira pa zobedwa mpaka kalekale.

Chachikulu, wopanga ma graphics azikhala nawo pamsonkhano wa m'mawa pamene nkhani zikukonzedwa, azitha kufunsa mtolankhani kuti nambalayi waitenga kuti, ndipo dzina lake lizituluka. Munthu amene dzina lake lili pachinthu amachisamala. Masukulu a utolankhani, Media Council of Malawi ndi MISA Malawi angathandize poika ntchitoyi m'maphunziro, m'malamulo a mwambo wa ntchito ndi m'mphoto zimene amapereka chaka ndi chaka.

Inunso amene mukuwerenga pafoni muli ndi gawo lanu. Chithunzi chikalowa m'gulu, musanachitumize kwina, yang'anani zinthu zinayi. Chili ndi tsiku? Chanena kumene manambala achokera? Chilipo patsamba lenileni la nyumba imene logo yake ili pakonapo? Mizere yake yayambira pa ziro? Chimodzi chikasowa, dikirani kaye. Palibe amene anafapo chifukwa chochedwa kusheya ndi mphindi zisanu, koma mantha ofalitsidwa ndi chithunzi cholakwika amatha kutseketsa bizinesi ya munthu, ndipo chenjezo losamveka limasiya banja m'nyumba madzi akubwera.

Azakhali anga aja sanaiwale. Mpaka lero chithunzi chilichonse chofiira chikawapeza, amauza mwana wa aneba kuti anditumizire, kenako amaimba.

"Iwe, ichi mwapanga ndinu kapena ndi anthu ena?"

Sabata yatha ananditumizira china chochenjeza za mvula yamphamvu, chokhala ndi mapu a chigawo cha kummwera. Chinalibe tsiku. Nditafufuza ndinapeza kuti ndi cha dzinja lapitalo, changoyambanso kuzungulira. Ndinawauza kuti n'chakale, koma azimvetsera wailesi chifukwa chenjezo lenileni likhoza kubwera tsiku lililonse.

"Ndiye likadzabwera lenilenilo ndidzalidziwa bwanji?" anafunsa.

Funso limenelo si la ine ndekha. Ndi la aliyense amene amaika logo pachithunzi n'kuchitumiza kwa anthu.